MWANA AKAGUNDA MUTU KU MPIRA, YANG'ANANI MAYENDEDWE AKE

Mtedza ukakumbidwa, chimanga chikalowa m'nkhokwe, mabwalo a sukulu za ku Guilleme ndi midzi yozungulira m'boma la Mchinji sakhala chete madzulo. Anyamata amathamangitsa chikopa mpaka mdima, atsikana nawo ali pa ntchembere mbaye, ndipo Loweruka likafika timu ya mudzi wina imabwera pa njinga kudzayesana mphamvu ndi eni bwalo. Nyengo imeneyi nthaka imakhala itauma gwa, udzu utatha, kotero kuti wogwa amagwera pouma ngati pa thanthwe.

Tsono ana awiri akalumphira mpira umodzi nagundana mitu, kapena goloboyi akagwa chagada namenyetsa nkhongo pansi, tonse timadziwa zimene zimatsatira. Anzake amamthira madzi kumutu, namuimiritsa, namfunsa kuti, "Uli bwino?" Iye amavomera msanga, pakuti palibe mnyamata amene amafuna kutuluka m'bwalo anthu akumuona. Magazi sanatuluke, munthu sanakomoke, choncho masewero amapitirira. Ife tikuti funso limenelo timalifunsa malo olakwika. Pakamwa pa mwana wokonda mpira pamatha kubisa ululu, koma miyendo yake siidziwa kunama. Amene afuna kudziwa ngati ubongo wa mwana wavulala, ndiponso ngati wachira, ayenera kuyang'anitsitsa mmene mwanayo akuimira ndi mmene akuyendera.

Kuvulala kosaoneka

Ubongo ndi wofewa kwambiri, ndipo umakhala m'chigaza utazingidwa ndi madzi ochepa amene amauteteza. Mutu ukagundidwa mwadzidzidzi, kapena thupi likakankhidwa mwamphamvu mpaka mutu kugwedezeka, ubongo umasuntha ndi kupotoka pang'ono m'katimo. Timitsempha tating'onoting'ono timene timanyamula mauthenga timakokeka, ndipo kwa masiku angapo ubongo umasowa mphamvu zambiri zodzikonzera pamene mphamvuzo zili zopereŵera. Uku ndiko kugwedezeka kwa ubongo, kumene madokotala amakutcha concussion m'Chingerezi. Chigaza sichisweka, ndipo kawirikawiri ngakhale makina aakulu ojambula m'mutu saonetsa kanthu. Chimene chasokonezeka ndi kagwiridwe ka ntchito.

Ambiri a ife tidakula tikukhulupirira kuti wovulala mutu ndi amene wakomoka. Sichoncho ayi. Mwa anthu 10 amene ubongo wawo wagwedezeka pa masewero, amene amakomoka ndi mmodzi yekha kapena osakwana. Otsalawo amadzuka okha, ena akumva mutu, ena chizungulire kapena mseru, ena akuona ngati kwachita nkhungu, ndipo ena samva kanthu mpaka usiku kapena m'mawa mwake. Ana ndi achinyamata ali pa ngozi yoposa akulu, popeza makosi awo sanalimbe mokwanira kuti agwire mutu, ubongo wawo ukadakula mpaka zaka za m'ma 20, ndipo amachedwa kuchira kusiyana ndi munthu wamkulu.

Mboni zitatu

Kuima chilili ndi kuyenda timakuyesa chinthu chapafupi chifukwa tidakuphunzira tisanadziwe kuyankhula bwino. Komatu ndi ntchito yaikulu. Kuti munthu asagwe, ubongo umamvera mboni zitatu nthawi imodzi, monga mmene mfumu imamvera mboni pa bwalo la milandu isanagamule. Mboni yoyamba ndi maso, amene amanena pamene pali nthaka, mtengo ndi khoma. Yachiwiri ili m'kati mwenimweni mwa khutu, kumene kuli timachubu titatu topindika todzaza ndi madzi, pamodzi ndi timiyala tating'ono zedi. Mutu ukatembenuka kapena kupendekeka, madzi ndi timiyalato zimasuntha ndi kutumiza uthenga. Yachitatu ndi mapazi, akakolo, maondo ndi khosi, zimene zimauza ubongo kuti thupi latsamira kuti ndipo pansi pali potani. Mbali ya ubongo ya kunkhongo imasonkhanitsa maumboni onsewa ndi kulamula minofu m'kanthawi kochepa koposa kuphethira kwa diso.

Mwana aliyense amene adasewerapo mozungulira mpaka kugwa amadziwa zimene zimachitika mboni zikatsutsana. Iye waima, maso akunena kuti waima, koma madzi a m'khutu akadazungulirabe, ndipo dziko lonse limaoneka ngati likuthawa. Ubongo ukagwedezeka, zofanana ndi zimenezi zimachitika popanda kuzungulira. Nthawi zina m'khutu momwemo mwasokonezeka, nthawi zina khosi lapweteka ndipo likupereka umboni wolakwika, nthawi zina maso akuchedwa kutsatira chinthu choyenda. Koma kawirikawiri mboni zili bwino, vuto lili ndi wogamula: watopa, akuchedwa kuphatikiza zimene wamva. Ndiye chifukwa chake mwana wotere amatha kuima bwino masana pa bwalo loyera, koma mukamuuza kuti atsinzine, kapena ayende usiku m'kanjira ka m'munda modumpha mizere, amayamba kudzandira.

Kudzandira m'bwalo la masewero ndi chizindikiro chimene sichisowa dokotala kuti achione, komabe ngakhale akatswiri adachedwa kuchilemekeza. Pa 13 Julayi 2014, pa mpira womaliza wa Chikho cha Dziko Lonse ku Rio de Janeiro, Christoph Kramer wa timu ya Germany adagundidwa kumutu ndi phewa la Ezequiel Garay wa Argentina. Adapitiriza kusewera pafupifupi kotala la ola asanatulutsidwe ali wosokonezeka, ndipo woimbira mpirawo, Nicola Rizzoli, adaulula pambuyo pake kuti Kramer adabwera kudzamfunsa ngati umenewu unalidi mpira womaliza. Ku America, mu Seputembala 2022, Tua Tagovailoa wa timu ya Miami Dolphins adamenyetsa mutu pansi, nadzuka, nayenda pang'ono, miyendo nkumufooka anthu onse akuona. Adaloledwa kubwerera m'bwalo tsiku lomwelo, ndipo patangopita masiku 4 adagundanso mutu pa masewero ena natengedwa pa machira. Mwezi wotsatira akuluakulu a masewerowo adasintha lamulo kuti aliyense woonetsa kudzandira kotere asabwererenso tsiku limenelo, zivute zitani. Ngati zotere zidachitika pamene panali madokotala ndi makamera ochuluka, nanga pa bwalo la kwathu pamene wogamula ndi mphunzitsi mmodzi ndi khamu la ochemerera?

Mutu umaleka msanga, miyendo imatsalira

Apa ndi pamene pagona nkhani yathu, ndipo tikupempha owerenga athu kuti adekhe nafe pang'ono.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Kevin Guskiewicz ndi anzake pa yunivesite ya North Carolina adakonza njira yapafupi yoyesera kukhazikika kwa wosewera. Munthu amaima masekondi 20 atatsinzina, manja ali m'chiuno, poyamba mapazi ali pamodzi, kenaka ndi mwendo umodzi, pomaliza phazi lina kutsogolo kwa linzake, ndipo woyesa amawerenga kuti waphonya kangati. Mu 2003 Michael McCrea ndi anzake adafalitsa zimene adapeza atatsatira osewera 1,631 a m'makoleji a ku America, amene 94 mwa iwo adagwedezeka ubongo. Pa mayeso oimirirawo ovulala adabwerera mwakale pakati pa masiku 3 ndi 5, ndipo madandaulo awo onga mutu ndi chizungulire adatha pafupifupi masiku 7. Kwa zaka zambiri anthu adatenga sabata imodzi ngati muyeso wa kuchira.

Koma mpira saseweredwa munthu ataima malo amodzi. Pa yunivesite ya Oregon, David Howell, Louis Osternig ndi Li-Shan Chou adaganiza zoyesa achinyamata a msinkhu wa sekondale akuyenda, ndipo adawatsatira kwa miyezi iwiri chivulalireni. Poyamba ankawauza kuti angoyenda basi. Kenaka ankawauza kuti ayende uku akumvetsera mawu ndi kuyankha, ndiye kuti miyendo ndi maganizo zigwire ntchito pamodzi. Zotsatira zake, zimene zidatuluka mu 2013, zidaonetsa kuti ovulalawo akapatsidwa ntchito ziwiri nthawi imodzi, matupi awo ankapendekera uku ndi uku koposa anzawo osavulala, ndipo kusiyanaku kunkaonekabe mpaka m'mwezi wachiwiri. Ofufuza ena ambiri apeza zofanana: wovulala amayenda pang'onopang'ono, amafupikitsa mapazi, amakhalitsa mapazi onse awiri ali pansi ngati munthu woyenda poterera, ndipo zimenezi zimatha kupitirira mutu utaleka kale kupweteka.

Tanthauzo lake nlosavuta kulimva. Ubongo wabwinobwino umayendetsa miyendo popanda mwini wake kuganizako, nchifukwa chake mayi amatha kusenza ndowa, kubereka mwana ndi kucheza ndi mnzake ulendo umodzi. Ubongo wovulala umachita kubwereka maganizo kuti uthandize miyendo. Pamene palibe china choganiza, ngongoleyo siioneka, ndipo mwana amayenda bwino pamaso pa makolo ake. Koma m'bwalo la mpira palibe mphindi imene munthu amachita chinthu chimodzi. Akuthamanga, akuyang'ana mpira, akumvera mnzake amene akuitana, akuzemba mdani amene akubwera cha kumbali. Pamenepo maganizo sakwanira konse, ndipo phazi limatera mochedwa kapena mopendeka.

Zotsatira zake zidawerengedwa. Mu 2014 Anna Nordström, Peter Nordström ndi Jan Ekstrand a ku Sweden adasanthula mbiri ya kuvulala kwa osewera a matimu akuluakulu a mpira wa miyendo ku Ulaya, napeza kuti m'chaka chotsatira kugwedezeka kwa ubongo ngozi yovulalanso pena paliponse m'thupi inkakwera ndi pafupifupi theka. Ofufuza ena ataphatikiza kafukufuku wosiyanasiyana mu 2019 adapeza kuti mwayi wovulala mwendo umakwera pafupifupi kawiri. Motero bondo limene lagulika kapena kakolo amene wabinya patapita milungu itatu chigundireni mutu, zimene ife timangoti ndi tsoka, nthawi zina zimakhala mwana wa kuvulala koyamba kuja.

Chizungulire ndi kusakhazikika zimaloseranso kutalika kwa matenda. Ofufuza a ku Pittsburgh adalengeza mu 2011 kuti anyamata a sekondale amene adamva chizungulire pomwepo m'bwalo anali ndi mwayi waukulu, woposa kasanu ndi kamodzi, wochedwa kuchira kupitirira milungu itatu. Ku Canada, Roger Zemek ndi anzake adatsatira ana oposa 3,000 a zaka zapakati pa 5 ndi 18, ndipo mu 2016 adanena kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu anali akudandaulabe patapita masiku 28. Mwa zinthu zimene zinkalozeratu ana ochedwa kuchira munali kukhala mtsikana, kukhala wa zaka 13 kapena kuposa, kuyankha mafunso mochedwa, ndiponso kuphonya kanayi kapena kuposa poima phazi lina kutsogolo kwa linzake. Makolo a atsikana amve bwino pamenepa, pakuti ambiri timaganiza kuti nkhani ya kuvulala mutu ndi ya anyamata okha, pamene pa ntchembere mbaye napo ana amagundana ndi kugwa pouma.

Ngozi yoopsa koposa ndi kugundanso mutu ubongo usanachire. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika ubongo umatha kutupa mofulumira. Benjamin Robinson wa ku Northern Ireland anali ndi zaka 14 pamene adagundidwa kangapo pa masewero amodzi a rugby a sukulu mu Januwale 2011. Ankamuyang'ana namubwezera m'bwalo, mpaka adagwa osadzukanso. Mwana amene akudzandira ndiye amene sangathe kuzemba kugunda kwachiwiri.

Moyo wa kwathu sulola kudzandira

Mabuku amene akatswiriwa amalemba amaganizira mwana amene akatuluka m'bwalo amakwera galimoto napita kukagona pa sofa. Mwana wa ku Guilleme sali wotero. Iye mpira ukatha amapalasa njinga kubwerera kwawo kukuda, mwina atakweza mnzake kumbuyo, m'msewu umene mukudutsa njinga zamoto ndi ngolo. M'mawa amatumidwa kumjigo, ndipo mtsikana amasenza ndowa ya malita 20 pa khosi lomwelo limene lidakokeka dzulo. Ena amaoloka mtsinje pa ulalo wa mtengo umodzi popita kusukulu, ena amakwera mu mtengo wa mango, ena amakwera pa denga kukathandiza kufolera, ena amaima pafupi ndi moto ndi madzi owira. Zonsezi zimafuna thupi lokhazikika koposa mmene mpira umafunira. Choncho kuletsa mwana mpira kokha uku tikumpatsa njinga kuti akagaitse kuchigayo sikumteteza konse. Kwa masiku oyamba, ndipo mpaka chizungulire chitatheratu, njinga, mitengo, maulalo ndi katundu wa pamutu ziyambe zadikira.

Palinso vuto la kutanthauzira molakwa. Mnyamata wa zaka 16 akafika kunyumba akudzandira, akuyankhula mokoka, maganizo oyamba a bambo ake ndi akuti walawa kachasu, ndipo m'malo mwa chithandizo amalandira ukali. Mwana akamadandaula mutu ndi kufooka timathamangira kunena kuti ndi malungo, ndipo nzoona kuti thupi likatentha ayenera kukayezetsa magazi. Koma wachipatala auzidwenso kuti mwanayo adagunda mutu, chifukwa zinthu ziwirizi zimatha kukhalira limodzi. Ndipo pa mpira wa pakati pa midzi sipalephera wina wonena kuti wosewera wagwa chifukwa adani adakhwimira bwalo. Pamene akulu akukangana za mankhwala okwiriridwa pa golo, mwana amakhala akufunika kumuyang'anira.

Zoyenera kuthamangira nazo kuchipatala

Mwana aliyense amene tikumkayikira atuluke m'bwalo ndipo asabwererenso tsiku limenelo, ngakhale atalumbira kuti ali bwino. Ngakhale malamulo a mpira wa miyendo a dziko lonse, kuyambira pa 1 Julayi 2024, amalola okonza mipikisano kupereka mwayi wapadera wosinthira wosewera amene akuganiziridwa kuti wagwedezeka ubongo, kuti timu isaope kutsala operewera. Ngati mwana wagwa nadandaula khosi, kapena akuti manja ndi miyendo zachita dzanzi, asamunyamule mwachisawawa kapena kumkoka kuti aime. Mutu ndi khosi zigwiridwe mowongoka.

Pali zizindikiro zina zimene zimasonyeza kuti mwina magazi akutayikira m'kati mwa chigaza, ndipo izi sizidikira kucha. Ngati mwana adakomoka, ngati mutu ukupwetekerapwetekera, ngati akusanza mobwerezabwereza, akugwa ngati wa khunyu, akuona zinthu ziwiriziwiri, akuodzera kosadzutsika, akusokonezeka kapena kulusa mosadziwika bwino, mbali imodzi ya thupi yafooka, m'khutu kapena m'mphuno mukutuluka magazi kapena madzi, kapena kudzandira kukunka kukula m'malo mochepa, apite naye kuchipatala nthawi yomweyo. Tichenjere ndi mwana amene adakomoka pang'ono, nadzuka nacheza bwinobwino, kenaka patapita maola nayamba kufooka. Umo ndi mmene kutayikira kwa magazi kumachitira nthawi zina. Anthu a ku Guilleme ali ndi mwayi wa chipatala cha St. Michael's pafupi, ndipo kuchokera apo pali chipatala cha boma ku Mchinji. Koma madokotala ochita opaleshoni ya m'mutu ali ku Lilongwe, ku Kamuzu Central ndi ku chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION chimene chidatsegulidwa mu 2023, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Ulendo wotere umadya maola, ndipo nchifukwa chake kwathu kuno kunyamuka msanga nkofunika koposa kwa anthu a m'tauni.

Ngakhale zizindikiro zoopsazi palibe, nkwabwino kuti mwana aonedwe ndi wachipatala m'tsiku limodzi kapena awiri. Usiku woyamba asagone yekha. Kugona sikoletsedwa, ndipo ndi mankhwala ndithu, koma wamkulu azimuyang'ana. Wa mutu angamwe Panado. Aspirin ayi, chifukwa amachedwetsa magazi kuundana. Mowa ndiye usayandikire.

Mzere wa pa dothi

Pali mayeso awiri amene mphunzitsi kapena kholo angachite popanda chida chilichonse, ndipo onse adatengedwa ku njira zimene madokotala a zamasewero amagwiritsa ntchito. Oyamba ndi aja oima. Mwana avule nsapato, aike phazi limene amamenyera mpira kutsogolo, chidendene chake chikhudze zala za phazi linalo, manja m'chiuno, atsinzine, ndipo ayese kukhala chomwecho masekondi 20. Wamkulu aime pafupi kuti amgwire akapendekeka. Kutsegula maso, kuchotsa manja m'chiuno, kusuntha phazi kapena kupendekeka kwambiri, zonsezi ndi kuphonya.

Achiwiri ndi oyenda. Lembani mzere wowongoka wa mamita 3 pa dothi losalala. Mwana ayende pa mzerewo, chidendene chikugunda zala pa sitepe iliyonse, akafika kumapeto atembenuke nabwerere, mofulumira monga angathere popanda kuphonya mzere. Akatha, abwerezenso, koma tsopano akutchula miyezi ya chaka chobwerera m'mbuyo kuyambira Disembala, kapena akuchotsera 7 kuyambira pa 100. Wamng'ono angachotsere 3. Apa ndi pamene ngongole ija imaonekera. Mwana amene anayenda bwino ulendo woyamba mudzamuona akuima kuti aganize, kapena akuwerenga bwino koma mapazi akuchoka pa mzere.

Tinene mosabisa kuti mayesowa amagwira ntchito mbali imodzi yokha. Mwana akalephera, tadziwa kuti sanachire. Akapambana, sitinadziwe kuti wachira, chifukwa zina mwa zimene ofufuza a ku Oregon adaona zinkaoneka ndi makamera okha. Ndiponso ana amasiyana: alipo ena amene chibadwire sangathe kuima mwendo umodzi osagwedezeka. Nchifukwa chake tikuganiza kuti mphunzitsi wanzeru angachite bwino kuyesa timu yake yonse kumayambiriro kwa chaka, onse ali bwino, nalemba m'kope masekondi a aliyense. Ntchitoyi siingathe ola limodzi, ndipo tsiku la ngozi adzakhala ndi poyerekezera mwana ndi mmene analili iye mwini.

Kubwerera pang'onopang'ono

Kale madokotala ankalangiza kuti wovulala agone m'chipinda cha mdima mpaka zonse zitatha. Malangizo amenewo adasinthidwa. Akatswiri a nkhaniyi akhala akukumana kuyambira ku Vienna mu 2001, ndipo pa msonkhano wawo wa ku Amsterdam mu 2022 adagwirizana kuti kupumula kukhale kwa tsiku limodzi kapena awiri okha, ndipo m'masiku amenewo mwana achepetse kuyang'ana pa foni ndi pa kanema. Pambuyo pake ayambe kuyenda pang'ono ndi kuchita tintchito topepuka. John Leddy ndi anzake a ku Buffalo adaonetsa mu 2019 kuti achinyamata amene adapatsidwa masewero opepuka olimbitsa thupi tsiku ndi tsiku adachira pa masiku 13, pamene anzawo ongodziwongola adatenga masiku 17. Kwa ife zimenezi zikutanthauza kuyenda ndawala pa msewu wosalala ndi mbale wake, m'mawa kapena madzulo dzuwa litapepa. Mutu ukangowonjezeka pang'ono nkuleka msanga, palibe choopsa. Ukakula, aime ndipo ayesenso mawa mocheperapo.

Sukulu ibwere mpira usanabwere. Mwana angayambe ndi theka la tsiku, akhale kutsogolo, apumule akatopa, ndipo aphunzitsi adziwitsidwe kuti asamuyese waulesi akachedwa kukopera za pa bolodi kapena akaiwala zimene wangouzidwa. Mayeso aakulu, ngati nkotheka, asunthidwe.

Za mpira zimakwera ngati makwerero, ndipo pa sitepe iliyonse mwana akhalepo tsiku lathunthu kapena kuposa. Atatha kuyenda ayambe kuthamanga pang'ono, kenaka kuthamanga ndi mpira ali yekha, mokhotakhota, popanda womulanda ndiponso osaumenya ndi mutu. Kulowa m'gulu kumene angagundane ndi anzake kudikire mpaka madandaulo onse atatha ndipo wachipatala wavomereza. Dziko la Britain, polemba malangizo a masewero a m'midzi ndi m'sukulu mu Epulo 2023, kumene nako dokotala sapezeka pa bwalo, lidaika muyeso wosavuta kukumbukira: masiku 14 opanda dandaulo lililonse mwana asanayambe zokonzekera zogundana, ndipo mpikisano weniweni usafike tsiku la 21 lisanakwane. Ife tikuona kuti muyeso umenewu ukuyenera mabwalo athu, chifukwa suchita kufuna chida, ndipo umachotsa mtolo pa mphunzitsi amene makolo ndi ochemerera akumkakamiza kuti abweze mwana wogoletsa zigoli chikho chisanathe. Achinyamata nanunso, mnzanu akakuuzani mwamseri kuti akumva chizungulire koma musaulule, kuulula ndiko kumkonda. Inu ndi amene mumaona poyamba kuti akuthamangira kolakwika kapena wayiwala kuti zigoli zili zingati.

Ana ambiri amachira bwinobwino m'milungu iwiri mpaka inayi. Amene chizungulire, kupweteka kwa khosi kapena kudzandira zapitirira masiku 10 abwerere kuchipatala ndipo afunse za madokotala a mafizo, pakuti pali masewero apadera ophunzitsanso maso, khutu ndi khosi kugwirizana. Ku Calgary, Kathryn Schneider ndi anzake adayesa chithandizo chotere mu 2014 pa achinyamata amene madandaulo awo ankakana kutha: mwa 15 amene adachilandira, 11 adaloledwa kubwerera ku masewero m'milungu 8, pamene mwa 14 amene sadachilandire adaloledwa ndi mmodzi yekha. Gululo linali laling'ono, koma kusiyanako nkwakukulu.

Pomwe mwana waonedwa kuchipatala, pemphani kuti tsiku la ngozi ndi zimene zidachitika zilembedwe m'buku lake la kuchipatala, ndipo mphunzitsi wa masewero alembenso m'kope lake. Mwana amene adagwedezekapo ubongo amakhala pa ngozi yaikulu yogwedezekanso, ndipo ngati ulendo woyamba adachedwa kuchira, wachiwiri umatha kuchedwanso. Ana athu amasintha sukulu, ena amapita kukakhala kogonera komweko, ena amaoloka malire kukakhala ndi achibale ku Chipata, ndipo wachipatala amene adzamuone zaka ziwiri zikubwerazi adzafuna kudziwa ngati aka nkoyamba kapena nkachitatu.